Belle ya ku Tsukuba: Mbiri ya Gulu Lomwe Linatola Chimene Silinkasaka

Mu November 1945, patangotha miyezi itatu dziko la Japan litagonja pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali a ku America analowa pamalo ofufuzira za sayansi a RIKEN mumzinda wa Tokyo n'kuphwasula makina awiri otchedwa cyclotron, amene Yoshio Nishina ndi anzake anawamanga movutikira. Zidutswa zake anakaziponya m'madzi a Tokyo Bay. Makina ena a mtundu womwewo a ku Kyoto ndi ku Osaka nawonso sanapulumuke. Akuluakulu a asilikali ankaopa kuti makinawo angathandize pokonza bomba la nyukiliya, ngakhale kuti asayansi a ku America komweko anadzudzula poyera kuti kumeneku kunali kungowononga. Amene akufuna kumvetsa chifukwa chake bungwe la KEK, lofufuza za tinthu ta mkati mwa atomu ku Japan, linakakamira chonchi pa nkhani yomanga makina akeake ayambire pamenepa.

Dzikolo linalowa m'zaka za mtendere lili ndi mitu yakuthwa koma lili chimanjamanja. Hideki Yukawa analandira mphoto ya Nobel mu 1949 pa ntchito imene anaigwira ndi pensulo ndi pepala, yolosera za kanthu kotchedwa meson. Sin-Itiro Tomonaga anatsatira mu 1965. Ku Nagoya, Shoichi Sakata ankaphunzitsa ophunzira ake kuti pansi pa kanthu kalikonse kamene anthu akuti n'kotsiriza pamakhala kena kakang'ono koposa. Koma wofuna kuyesa maganizo oterewa pa makina amphamvu ankayenera kukwera ndege kupita ku Brookhaven ku America kapena ku CERN ku Geneva.

Panadutsa zaka zambiri za misonkhano ndi kukanganirana ndalama. Asayansi anapempha makina othamangitsa mapulotoni mpaka mphamvu ya 40 GeV. Boma linadula ndalamazo kwambiri, ndipo makinawo anatsikira pa 8 GeV. GeV ndi muyezo wa mphamvu, womwenso amayezera kulemera kwa tinthu ta mkati mwa atomu. GeV imodzi ndi 1,000 MeV, ndipo pulotoni imalemera 938 MeV. KEK inabadwa mu 1971 ku Tsukuba, pamtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumpoto chakum'mawa kwa Tokyo, motsogozedwa ndi Shigeki Suwa. Sinali ya yunivesite imodzi ayi. Inakhazikitsidwa kuti mayunivesite onse a m'dzikolo azigwiritsa ntchito makina ake limodzi. Makina oyambawo anayamba kuthamanga mu 1976 ndipo kenaka anafika pa 12 GeV. Sanagwedeze dziko, poti ku Fermilab ndi ku CERN anali kale ndi makina a ma GeV mazanamazana. Phindu lake linali anthu: m'badwo wonse wa mainjiniya ndi asayansi unaphunzirira pamenepo.

Tisanapite patali, tinene kaye za tinthu timene nkhaniyi ikukamba. Mu 1964 Murray Gell-Mann ndi George Zweig, aliyense payekha, ananena kuti pulotoni ndi nyutironi si tinthu totsiriza, koma timapangidwa ndi tina timene lero timati ma quark. Quark siyenda yokha. Imapezeka m'magulu, ndipo magulu odziwika anali a mitundu iwiri basi. Ma quark atatu pamodzi amapanga baryon, monga pulotoni. Quark imodzi ndi antiquark imodzi, kanzake kolemera mofanana koma kotsutsana nako pa mphamvu ya magetsi, zimapanga meson. Zonsezi pamodzi ndiwo ma hadron. Gell-Mann yemweyo analemba m'pepala lake loyambalo kuti magulu a ma quark anayi kapena asanu ndi otheka, ndipo malamulo a mphamvu yomanga ma quark, amene anadzalembedwa m'zaka za m'ma 1970, saletsa zimenezi. Mu 1977 Robert Jaffe anawerengetsera mmene gulu la anayi lingakhalire. Komabe kwa zaka pafupifupi 40, ma hadron mazanamazana amene anapezeka ankalowa ndithu m'mabanja awiri aja. Ena ankalengeza kuti aona hadron yachilendo, koma ena akabwereza kuyesa, inkazimirira. Pofika m'ma 1990, ntchito yosaka ma hadron achilendo inali ndi mbiri yoipa ndithu.

KEK sinkaganizako n'komwe za ma hadron achilendowa. Maso ake anali pa top quark, yachisanu ndi chimodzi komanso yolemera koposa. Mu 1981, Tetsuji Nishikawa ali mtsogoleri, anayamba kukumba ngalande yozungulira ya makilomita atatu yoikamo makina otchedwa TRISTAN, owombanitsa maelekitironi ndi ma positron. Atayamba ntchito mu 1986, panalibe makina a mtundu umenewu amphamvu kuwaposa padziko lonse. Ambiri ankayembekeza kuti top quark ikhala yolemera pafupifupi 30 GeV kapena kucheperapo. Inadzapezeka ku Fermilab mu 1995, ikulemera kuposa 170 GeV, kutali kwambiri ndi pamene TRISTAN akanafika. Chaka chomwecho TRISTAN anazimitsidwa.

Ena amaitcha ntchitoyi kulephera, ndipo pa cholinga chake chenicheni inalepheradi. Koma inasiya ngalande yokumbakumba, luso lopanga zipangizo zothamangitsira tinthu zoziziritsidwa kwambiri, ndiponso chizolowezi chogwira ntchito ndi alendo. Gulu la AMY, limodzi mwa magulu amene ankayesa pa TRISTAN, linasonkhanitsa asayansi a ku America, Japan, Korea ndi China, ndipo mmodzi mwa atsogoleri ake anali Stephen Olsen, amene tikumana nayenso.

Funso lotsatira linachokera kwa ophunzira awiri a Sakata. Mu 1973 Makoto Kobayashi ndi Toshihide Maskawa, ali ku Kyoto, analemba pepala lalifupi lofotokoza chodabwitsa chimene James Cronin ndi Val Fitch anachipeza ku Brookhaven mu 1964: kuti chilengedwe sichichitira tinthu wamba ndi tanzake totsutsana nato mofanana ndendende. Iwo anati kusiyanaku kungamveke ngati pali mitundu isanu ndi umodzi ya ma quark, pamene panthawiyo yodziwika inali itatu yokha. Pambuyo pake Ichiro Sanda, Ashton Carter ndi Ikaros Bigi anasonyeza kuti ngati awiriwa akunena zoona, kusiyanako kudzaoneka kwakukulu mu B meson, imene ili ndi bottom quark. Vuto linali lakuti B meson imakhala ndi moyo kanthawi kosaneneka kuchepa, pafupifupi gawo limodzi ndi theka mwa magawo thiriliyoni a sekondi. Mu 1987 Pier Oddone wa ku Berkeley anapereka nzeru: tinthu towombanato tisakhale ndi mphamvu yofanana, kuti ma B meson akabadwa azithamangira mbali imodzi, ndipo nthawi ya moyo wawo iziyezedwa ndi mtunda umene ayenda.

Boma la Japan linavomereza ntchitoyi mu 1994. M'ngalande ya TRISTAN ija anaikamo KEKB, mizere iwiri ya mamita 3,016 uliwonse: wina wa maelekitironi a 8 GeV, wina wa ma positron a 3.5 GeV. Mphamvu ya kuwombanako anaiika pa 10.58 GeV, pomwe pamabadwa kanthu kotchedwa Upsilon(4S), kamene kamasweka nthawi yomweyo kukhala ma B meson awiri. Awiriwa amafa motalikirana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita, ndipo chipangizo chachikulu chozungulira malo owombaniranawo chinkayenera kuona kampata kameneka. Chipangizocho, pamodzi ndi gulu la asayansi pafupifupi 400 ochokera m'mayiko oposa khumi, ndicho Belle. Chinali ndi maginito a 1.5 tesla ndi miyala yowala ya cesium iodide yokwana 8,736, yomwe asayansi a ku Budker Institute ku Novosibirsk anathandiza nawo kukonza. Mu 1997, ntchito yomanga ili mkati, KEK inaphatikizidwa ndi mabungwe ena awiri a University of Tokyo n'kukhala bungwe lalikulu limene lilipo lero.

Tsidya lina la nyanja ya Pacific, ku SLAC ku California, gulu la BaBar linkachita zomwezo. Magulu onse awiri anayamba kusonkhanitsa zoyeza mu 1999, ndipo mpikisano wawo unali woopsa, wowerengerana tsiku ndi tsiku kuti wapanga ma B meson ambiri ndani. Mu 2001 onse analengeza kuti kusiyana kuja akuona, ndipo kukula kwake kunagwirizana ndi zimene Kobayashi ndi Maskawa analosera. Mu 2008 awiriwa anagawana mphoto ya Nobel ndi Yoichiro Nambu, ndipo komiti ya Nobel inatchula Belle ndi BaBar mayina. Apa ndalama za boma zinabwerera, ndipo mbiri ya bungweli ikanathera pamenepa ikanakhala yokwanira.

Koma pepala la Belle limene asayansi anzawo alitchula kwambiri kuposa ena onse si la nkhani imeneyi.

B meson ikamasweka, nthawi zina imabala charmonium, meson yopangidwa ndi charm quark ndi antiquark yake. Woyamba m'banja limeneli ndi J/psi, amene magulu a Burton Richter ndi Samuel Ting anamupeza mu 1974. Banjali linkaoneka lomveka bwino kwambiri. Akatswiri owerengetsera anali ndi ndandanda wa abale onse ndi kulemera kwawo, ndipo mipata yochepa yotsala inkangodikira kudzazidwa. Sookyung Choi wa ku Gyeongsang National University ku Korea ndi Stephen Olsen, amene tsopano anali ku University of Hawaii, ankasaka abale osowawa. Mu 2003 anasanthula mapeyala a B meson okwana 152 miliyoni, kusankhamo okhawo amene anasweka kukhala kaon imodzi, ma pion awiri ndi J/psi. Atalemba pa galafu kulemera kwa ma pion awiriwo ndi J/psi pamodzi, anaona chitunda chachikulu pa 3686 MeV. Ichi anachiyembekezera, ndi psi(2S) wodziwika kale. Koma chakumanja kwake kunali kachitunda kena kakang'ono, kosongoka, pa 3872 MeV. Munali zochitika pafupifupi 35 zokha.

Taganizani: 35 mwa 152 miliyoni. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa kudekhako kunali kwa makina amene anathamanga usana ndi usiku zaka zinayi. Kachitundako kanali poyera kwambiri moti sikakanakhala kongochitika mwangozi. M'miyezi yochepa magulu a CDF ndi D0 ku Fermilab, komanso BaBar, anakaona pamalo omwewo. Popeza sikankagwirizana ndi m'bale aliyense wa pa ndandanda uja, anakatcha X(3872).

Zodabwitsa zake zinali zitatu. Kulemera kwake sikunagwere pamene owerengetsera ankayembekezera m'bale wosowa aliyense. Kachitundako kanali kopyapyala kwambiri, kutanthauza kuti kanthuko kamakhalitsa kuposa mmene charmonium yolemera chonchi iyenera kukhalira. Chachitatu ndicho chinasowetsa anthu tulo. D0 meson imalemera 1864.8 MeV, ndipo mnzake D*0 imalemera 2006.9 MeV. Mukaphatikiza mupeza 3871.7 MeV. X(3872) ili pomwepo, moti mpaka lero kusiyana kwake n'kochepa kuposa malire a zipangizo zoyezera.

Apa akatswiri anagawikana. Ena anakumbukira kuti Nils Törnqvist wa ku Helsinki ananeneratu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti ma meson awiri angathe kugwirana mofooka, monga pulotoni ndi nyutironi zimagwiranira mu deuteron, ndipo anatchula kulemera kwa pafupifupi 3870 MeV. Ena, motsogozedwa ndi Luciano Maiani ndi anzake a ku Italy, anati ayi, ndi ma quark anayi othinana pamalo amodzi. Kusiyana kwake kuli ngati mabanja awiri oyandikana nyumba, lililonse ndi khitchini yakeyake, poyerekeza ndi anthu anayi odyera mbale imodzi. Mbali zonse zili ndi pogwira. Okhulupirira za ma meson awiri amaloza nambala ija ya 3871.7. Otsutsa amafunsa kuti kanthu kogwirana mofooka chonchi kangabadwe bwanji kochuluka m'kuwombana kwaukali kwa ku Fermilab ndi ku CERN osaphwasukiratu. Mu 2013 gulu la LHCb ku CERN linayeza mmene X(3872) imazungulirira, ndipo zotsatira zake zinachotsa maganizo ena koma sizinathetse mkangano waukuluwo. Ambiri tsopano amati n'kosakanikira, charmonium pakati ndi ma meson awiri kunja.

Kuti tione kulemera kwa ntchito ya Belle, tikumbukire chimene chinachitika mu 2003 momwemo ku Japan komweko. Gulu la LEPS ku SPring-8, motsogozedwa ndi Takashi Nakano, linalengeza kuti laona pentaquark, kanthu ka ma quark asanu kotchedwa Theta+, kolemera pafupifupi 1540 MeV, kamene Dmitri Diakonov, Victor Petrov ndi Maxim Polyakov analosera mu 1997. Manyuzipepala anatola nkhani imeneyi, osati ya X(3872). Magulu pafupifupi khumi ananena kuti nawonso akuona. Kenaka magulu okhala ndi zoyeza zochuluka, kuphatikizapo Belle, anasaka osapeza kanthu. Gulu la CLAS ku Jefferson Lab linabwereza kuyesa kwake ndi zoyeza zambiri, ndipo kachitunda kamene linaona poyamba kanasowa. Ku J-PARC, makina a mapulotoni amene KEK imayendetsa limodzi ndi bungwe la nyukiliya la Japan ku Tokai, anasakanso mwapadera, koma osaphula kanthu. Kwa ine phunziro lake n'lowawa: Theta+ ankaidziwiratu poisaka, ndipo maso oyembekezera anaona zimene ankafuna. X(3872) panalibe amene ankaifuna m'gulumo, ndipo ndi imene ilipo mpaka lero.

Komabe wokayikira akanatha kunena kuti X(3872) ndi charmonium wamba imene akatswiri anangoiwerengetsera molakwika, poti ilibe mphamvu ya magetsi, monganso abale onse a J/psi. Umboni wosakanika unkafuna kanthu kokhala ndi charm ndi antiquark yake mkati, koma kokhalanso ndi mphamvu ya magetsi. Awiri okhawo sangapereke mphamvu imeneyi, choncho payenera kukhala ma quark ena awiri. Mu 2007 Belle inalengeza kanthu kotere, Z(4430), kosweka kukhala psi(2S) ndi pion imodzi. BaBar inasanthula zoyeza zake n'kunena kuti sikuona umboni wokwanira. Belle inabwereza kusanthula ndi njira zozama ndipo inaumirira. Anthu anali asanaiwale za Theta+, choncho ambiri anaima patali. Zaka zisanu ndi ziwiri zinadutsa nkhani ili m'malere, mpaka mu 2014 pamene LHCb, itasanthula zochitika pafupifupi 25,000, inatsimikiza kuti Belle inkanena zoona.

Pofika nthawiyo KEKB anali atazimitsidwa kale, pa 30 June 2010, atabala mapeyala a B meson okwana 772 miliyoni ndiponso atafika pa liwiro la kuwombanitsa limene makina ena onse anali asanafikepo. Koma gulu silinabalalike. Zoyeza zinali m'makompyuta, ndipo anthu anapitiriza kuzifukula. Mu 2011 analengeza Zb(10610) ndi Zb(10650), tinthu tokhala ndi bottom quark ndi mphamvu ya magetsi, ndipo tonse tiwiri tili pafupi kwambiri ndi kulemera kwa ma B meson awiri ophatikizidwa, chimodzimodzi nkhani ya X(3872). Mu 2013 gulu la BESIII ku Beijing linalengeza Zc(3900), ndipo Belle inatsatira patangopita masiku ochepa ndi zoyeza za makina amene anali atazima zaka zitatu m'mbuyomo. Mapepala awiriwo anasindikizidwa limodzi. Mu 2015 LHCb inapeza ma pentaquark enieni okhala ndi charm, ndipo kuyambira pamenepo utsogoleri pa ntchitoyi unasamukira ku Geneva, kumene ma hadron achilendo opezeka aposa makumi awiri.

Ndikayang'ana mbiri yonseyi, sindiona kuti mphamvu ya KEK ili pa kulosera bwino. Pa top quark analakwitsa, ndipo ma hadron achilendo sindiwo anapempherapo ndalama za KEKB. Mphamvu yake ili pa zinthu zosamveka kukoma m'nyuzipepala: kusataya ngalande yakale, kukonza makina pang'onopang'ono chaka ndi chaka mpaka atapitirira zimene anawamangira, ndi kulola timagulu ting'onoting'ono, ta anthu awiri kapena atatu, kufufuza nkhani zapambali m'zoyeza za gulu lonse. Mabungwe ambiri akanauza Choi ndi Olsen kuti asiye zimenezo, akathandize pa ntchito imene boma linalipira.

Ngalande ija tsopano ili ndi makina ake achitatu. SuperKEKB amawombanitsa maelekitironi a 7 GeV ndi ma positron a 4 GeV, pogwiritsa ntchito nzeru ya Pantaleo Raimondi wa ku Italy yofinya mitsinje iwiri ya tinthuto kuti ikhale yopyapyala kwambiri pamalo okumanirana. Chipangizo chatsopano, Belle II, chili ndi mamembala oposa 1,000 ochokera m'mayiko oposa 20, ndipo chinaona kuwombana koyamba pa 26 April 2018. Mu June 2020 makinawa anaposa liwiro la kuwombanitsa la KEKB ndi la makina a LHC a ku CERN. Nthawi ino ma hadron achilendo ali m'ndondomeko ya ntchito kuyambira pachiyambi: mu November 2021 anakweza mphamvu ya makina mwadala kwa masabata angapo kuti aone bwino kanthu ka pafupifupi 10753 MeV kamene Belle inakapeza mu 2019.

Ulendo wake sukuyenda mosalala. Mitsinje yofinyidwayo nthawi zina imasokonekera mwadzidzidzi n'kuwononga zipangizo, ndipo kukwera mtengo kwa magetsi kwachepetsa miyezi yothamangitsa makina. Cholinga cha Belle II ndi kusonkhanitsa zoyeza zochuluka maulendo 50 kuposa za Belle. Pofika kumapeto kwa 2024, liwiro la makina linali lisanafike pa gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene anawamangira, ndipo zoyeza zimene anasonkhanitsa zinali zitangopitirira pang'ono theka la zimene Belle yakale inasiya.